Mabuleki pa Mtsetse wa ku Namwera

Galimoto yathu inachokera ku Japan itagwirapo kale ntchito, ngati mmene zimabwerera zambiri za kuno. Anaisankha ndi mkazi wanga. M'buti tinapezamo kachipangizo ka pulasitiki, mbali ina kakuthwa, mbali ina kabulashi, ndipo panalibe wodziwa ntchito yake. Iye anakatengera kukhitchini n'kumapalira mamba a chambo. Patapita miyezi, makaniko wina wa pa Mangochi analowa kunsi kwa galimotoyo, n'kutuluka akupukusa mutu. Anati inkayenda kudera kumene kumagwa chipale chofewa nyengo yozizira, ndipo kachipangizo kaja n'kopalira chipale pa galasi. Kumeneko amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke, ndiye mcherewo unadya kunsi konse. Anatisonyeza mapaipi a mabuleki, ali psuu ndi dzimbiri.

"Musinthe chaka chisanathe, aphunzitsi," anatero.

Sitinasinthe. Mkazi wanga anadwala mvula itangoyamba, ndipo anamwalira mu Januwale.

Za galimoto ankazidziwa ndi iye. Bambo ake, omwe sindinawapeze ali moyo, ankayendetsa lole. Ine ndinangophunzira kugwira chiwongolero. Mabuleki akayamba kufewa, Loweruka m'mawa iye ankayala katoni pansi, n'kulowa kunsi ndi sipanala kuti atulutse mpweya m'mapaipi. Ntchitoyi imafuna anthu awiri. Wina amakhala pampando n'kumaponda buleki, winayo amamasula kanati ka pa tayala kuti mpweya utuluke. Wolamula ndi wa kunsiyo. Ine ndinkangomvera mawu ochokera pansi pa mapazi anga: popani, gwirani, siyani.

Iye atapita, buleki inayambanso kufewa. Ndinagula botolo la mafuta a mabuleki n'kumangothiramo akachepa. Ku galaja si kutali ndi kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndipo mnzanga aliyense akanatha kundithandiza. Koma sindinkafuna kumva mawu atatu aja pakamwa pa munthu wina.

Mwana wathu wamkazi anali ndi zaka zitatu. Maliro atatha anatsala kwa apongozi anga ku Namwera, pakuti kwawoko mwana ndi wa kuchikazi. Sindinatsutse. Ndinkapita kukamuona Loweruka lililonse. Itakwana Juni ndinapempha amalume a mkazi wanga kuti mwanayo ndizikhala naye. Anandiyankha mwaulemu, mosafulumira. Anati apongozi atsike nane ku Mangochi pamodzi ndi mwana, akhale sabata imodzi, aone mmene ndimakhalira. Chimene adzanene iwo, n'chimene chidzachitike.

Pa zaka zisanu za ukwati wathu, ine ndi apongozi sitinakhalepo pamphasa imodzi. Tikakumana panjira ankapatuka, ine n'kuyang'ana kumbali. Moni tinkapatsana chapatali, ndipo uthenga uliwonse unkadzera mwa mkazi wanga. Tsopano podzera panalibe.

Tinanyamuka Lamlungu m'mawa. Ku Namwera mwezi wa Juni kumazizira mosiyana ndi kunyanja. Kunali chifunga ndi kamvula kowaza, moti ndinayatsa magetsi ngakhale kunali kutacha. Apongozi anakhala kumbuyo, atafunda zitenje ziwiri, mwana ali pamiyendo m'bulangete. Ananena Bismillah motsitsa mawu, ndipo sitinalankhulenso.

Msewu umatsika phirilo mokhotakhota, chigwa chili mbali imodzi. Makona awiri oyamba tinadutsa bwino. Tikuyandikira yachitatu ndinaponda buleki, phazi n'kungolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala. Ndinapopa kangapo. Inagwira pang'ono, n'kuthawanso. Ndinatsitsa giya, injini n'kulira, kenaka ndinayamba kukoka handibuleki pang'onopang'ono, chala chili pa batani, mmene mkazi wanga anandiuzira tsiku lina tikungocheza. Galimoto inakhota konayo ikuthamanga kuposa mmene ndinkafunira. Kutsogolo kunali malo otambalala pamene malole amaima kuti mabuleki azizire. Tinaima pamenepo, tayala limodzi lili mu udzu.

Ndinatsika n'kuika mwala kutsogolo kwa tayala. Pafupi ndi tayala lakumbuyo, kumanzere, mafuta ankadontha pa miyala. Ndinaima n'kumawayang'ana. Mumtima ndinati sabata ija yathera pomwepa. Chimene anabwera kudzaona achiona: munthu wonyamula mwana pa galimoto yopanda mabuleki.

Chitseko chakumbuyo chinatseguka. Apongozi anagoneka mwana pampando, n'kubwera kudzaima chapatali, akuyang'ana tayala.

"Aphunzitsi, ndi mpweya kapena paipi?"

Linali funso loyamba kundifunsa ine mwini, popanda mkhalapakati.

"Paipi, amayi. Yabooka ndi dzimbiri."

"Ya tayala limodzi?"

"Limodzi."

"Pulayala muli nayo? Iduleni pamene yabookapo, muipinde kawiri, muifinye. Malemu amuna anga ankatero. Matayala otsalawo atifikitsa, bola osathamanga."

Zida za mkazi wanga zinali m'buti, m'kachikwama kamene anasoka yekha. Ndinayala katoni ija pa miyala yonyowa n'kulowa kunsi. Paipiyo inali yofumbutuka, koma chakumtunda inali yolimbabe. Ndinaipinda, ndinaifinya, kudontha kunasiya. Ndinathira mafuta a m'botolo lija. Kenaka ndinangoima, sipanala ili m'manja, chifukwa chotsatira ndinkachidziwa. Mumsewu simunkadutsa munthu.

Apongozi anavula masilipasi, anakonza chitenje, n'kukhala pampando wa dalaivala. Anaukokera kutsogolo osafunsa kuti chokokera chili pati.

"Lowani kunsi," anatero.

Ndinalowa. Ndinaika sipanala pa kanati. Mbali imeneyi sinali yanga, koma tsopano wolamula ndinali ine.

"Popani, amayi."

Buleki inalira katatu pamwamba panga.

"Gwirani."

"Ndagwira."

Ananena mokoka pang'ono kumapeto, mwa Chiyao, ndendende mwana wawo. Ndinamasula kanati, mafuta anatuluka ndi thovu, ndinamanganso. Ndinapukuta kumaso ndi mkono wa juzi, n'kunena kuti asiye. Tinabwereza kangapo pa tayala limenelo, kenaka tinapita pa lina.

Tili pa tayala lomaliza anafunsa, "Inayamba liti kufewa?"

Ndikanatha kunena kuti lero lomwe. "Mu Malichi," ndinatero.

"Malichi. Nanga bwanji osatulutsa mpweya?"

"Pamafunika anthu awiri, amayi."

"Pa Mangochi anthu anatha?"

"Sanathe."

Ndinkangoona m'munsi mwa chitseko ndi chifunga chikuyenda pamsewu. Patapita nthawi anayamba kulankhula, osati kwenikweni kwa ine.

"Mwana wanga uja ndinamuphunzitsa ndine. Bambo ake ali kunsi kwa lole, ine ndili ndi pakati, sindikanatha kukwera. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Miyendo sinkafika, ndiye ankaponda ataimirira, atagwira chiwongolero." Kenaka anati, "Yalimba tsopano. Bwerani muyese."

Inalidi italimba, ngakhale osati ngati kale. Mwana anadzuka n'kufunsa ngati tafika. Agogo ake anamupatsa nthochi, anamumanga lamba, koma iwo sanabwerere kumbuyo. Anakhala kutsogolo, pambali panga, dzanja lili pafupi ndi handibuleki. Tinatsika phiri lonselo pa giya yoyamba. Anthu a njinga onyamula makala ankatipitirira. Titafika kuchigwa chifunga chinatsala kumwamba, kunja kunayamba kufunda, apongozi n'kuchotsa chitenje chimodzi.

Titawoloka mlatho wa pa Shire ndinafuna kukhotera kunyumba.

"Ku galaja kaye," anatero. "Kunyumba tipita wapansi."

Makaniko uja tinamupeza, ngakhale linali Lamlungu. Anayang'ana paipi yopindayo, anandiyang'ana ine, koma poona apongozi anangolandira makiyi.

Anakhala sabata yonse. Sanatsegule makabati kapena kufunsa kuti ndimaphika chiyani. Masana ndikabwera kuchokera kusukulu ndinkawapeza pakhonde, mwana akusewera ndi zitsekerero za mabotolo. Tsiku lina anapeza kachipangizo ka pulasitiki kaja n'kundifunsa ntchito yake. Ndinawafotokozera za chipale ndi mchere wa m'misewu. Anakatembenuza, anaona mamba awiri ouma atakakamira pa bulashi, ndipo anakabwezera pamene anakapeza.

Loweruka ndinakatenga galimoto, mapaipi onse ali atsopano. Apongozi anawerama, anasuzumira kunsi, n'kugwedeza paipi imodzi ndi chala. Anakana kuti ndiwaperekeze ku Namwera. Anati akwera minibasi, mwana asayende ulendo kawiri pachabe.

Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa siteji. Zovala za mwana munalibe. Anazisiya pabedi, zopindidwa.

"Mwezi ukatha muzibwera naye, adzagone masiku awiri," anatero atakhala kale pampando, akuyang'ana kutsogolo. "Ndipo ikayamba kufewa, musadikire Juni. Mubwere nayo kumtunda. Mwendo ndikadali nawo."

Ndinati ndamva. Minibasi itanyamuka, mwana anandikoka chala kuti akufuna chimanga chootcha, ndipo tinawoloka msewu kukagula.