Udzu Umene Ndinayala pa Dzenje la Njerwa

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti sukulu ndi yaulere, ife kwathu kwa Msakambewa tinali pa ntchito youmba njerwa. Amuna anga anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo anali atatopa ndi mawu a alongo anga, oti akugoneka mlongo wawo m'nyumba yothonya. Fodya wa bale atawayendera bwino anangoti, "Chaka chino alamu anga atseka pakamwa."

Anakumba kuseri kwa nyumba, pamene panali chulu chakale. Ine ndinkasenza madzi kuchokera kudambo, iwo akuponda dothi ndi kuthira m'chikombole. Ana tinali nawo awiri, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu ndi kamnyamata kosakwana zaka zitatu, kosakhala pansi ngati kamwana ka mbuzi. Tsiku lina kanathamangira pa njerwa zosauma n'kudinda phazi pa imodzi. Ine ndine wapakamwa, sindibisa. Ndinakawomba pathako, n'kukalipa mpaka agalu a kwa aneba anauwa. Bambo ake anangoseka, amvekere njerwa ndi njerwa basi, ilowa mu uvuni ndi zinzake.

Nyumba inatha, malata n'kukhomedwa, alongo anga n'kutsekadi pakamwa. Koma dzenje lija linatsala. Linali lakuya kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu, m'mbali mwake moterera. Mvula itayamba, madzi otsika kumtunda ndi a padenga lathu ankathera mmenemo, ndipo pofika Khirisimasi linali litadzaza.

Ali mnyamata, amuna anga anagwirapo ntchito pa esiteti ina, pamene bwana wake anali ndi dziwe la simenti losambiramo pakhomo. Ndiye ankaima m'mphepete mwa dzenje lathulo, manja m'chiuno, n'kumati, "Mayi, mwaona? Nafenso tili ndi dziwe ngati abwana. Demokalase imeneyi!" Ana a m'mudzi akaweruka kusukulu ankabwera kudzadumphiramo ali buno bwamuswe, n'kutuluka ofiira ndi matope. Kamwana kanga kankaima poteropo kakuomba m'manja, ine mtima uli m'mwamba.

"Inu, dzenje ili mulikwirire," ndinawauza.

"Madzi amenewa ndi oumbira njerwa za khitchini mvula ikatha," anayankha. "Kapena mukufuna muzikasenzanso kudambo?"

Apo anandigwira pakamwa. Chitunda chochokera kudambo chinali chitandithyola khosi chilimwe chonse, ndipo sindinkafuna kuchikweranso ndi ndowa pamutu. Nkhaniyo ndinaisiya pomwepo, ndipo zimenezi ndimazikumbukira nthawi zonse ndikafuna kuloza munthu chala.

Mlezi wa mwanayo anali mlongo wake. Tsopano mlongo wakeyo ankadzuka m'mamawa kupita kusukulu, kope lili m'jumbo. Ndikanamuletsa bwanji, ine amene sukulu ndinangoinunkhiza? Mwana anatsala ndi ine, ndipo inali nyengo yothyola ndi kusoka fodya, nyengo imene munthu amaiwala ndi kusamba komwe.

Ndinayesa zonse zimene mutu wanga unandiuza. Ndinazinga dzenjelo ndi minga, ana osambira aja n'kuikokera pambali tsiku lomwelo. Ndinamuopseza mwanayo kuti m'madzimo muli ng'ona. Asa! Mawa lake ndinamupeza atagwada m'mphepete, akuti akufuna aione ng'onayo. Ndinamumangapo chitenje m'chiuno n'kumangirira ku mzati wa chigafa cha fodya, koma analira mpaka amayi anga anabwera kudzandifunsa ngati ndinabereka mwana kapena mbuzi.

Kenaka ndinakumbukira kuti amuna anga ananenapo zoti bwana uja ankaphimba dziwe lake ndi lona. Lona ife tinalibe. Koma alimi a fodya kuphimba timakudziwa, chaka chilichonse timayala udzu pa nazale kuti mbewu isapse ndi dzuwa. Ndinatenga mikangala yotsala, timitengo topachikira fodya tija, n'kuilumikiza ndi luzi, n'kuigoneka chopingasa pamwamba pa dzenje. Pamwamba pake ndinayala udzu, wochindikala bwino, mpaka madzi osaonekanso. Ndinati mwana salirira chimene sakuchiona. Amayi anga atafika anati ndachita zanzeru. Ana osambira aja anasiya kubwera, ine n'kuyamba kugona tulo. Patapita masiku ochepa udzu uja unafwifwa n'kufanana ndi nthaka, ndipo nkhuku zinayamba kupalasapo.

Tsikulo linali Lachiwiri, dzuwa litakwera pang'ono. Ine ndi amuna anga tinali m'chigafa, tikusoka fodya amene tinathyola m'mawa. Mwanayo anali pambali panga, akuthamangitsa thadzi la anapiye. Ndikukumbukira kuti ndinamukalipira, "Iwe, uponda mwanapiye!" Ndinawerama kutola masamba ena. Sindikudziwa kuti ndinasoka masamba angati. Chimene chinandidzidzimutsa ndi bata, pakuti mwana ameneyu sankakhala chete ngakhale ali m'tulo.

Ndinaitana, zii. Ndinathamangira kwa amayi anga, kunalibe. Ndinalowa m'chimanga ndikukuwa dzina lake. Ndinasuzumira m'nkhokwe, m'khola, m'chimbudzi. Mayo ine, pa dzenje paja ndinadutsapo kawiri osayang'ana n'komwe! Mumtima ndinkati kumeneko ndiye kulibe vuto, ndinaphimba ndekha ndi manja anga.

Anaona ndi amuna anga. Pakati pa udzu panali kabowo kakang'ono, kosaposa lichero, ndipo thadzi lija linali tsidya lina ndi anapiye ake. Anadumphiramo ndi zovala, koma mikangala yanga ija inawatsekereza. Anayamba kuithyola ndi manja, akukankha udzu, akufufuza pansi ndi mapazi chifukwa madziwo anali matope okhaokha. Ine ndinangoima pamtunda ndikuponda pansi ngati wamisala. Kusambira sindidziwa, ndipo ngakhale ndikanadziwa, mwanayo sankaoneka.

Atamuvuula, anthu anali atadzaza. Wina anati mumuzondotse, tinamuzondotsa. Wina anati mumufinye pamimba, tinamufinya, timadzi tofiira n'kutuluka m'kamwa. Wina anabwera ndi anyezi kuti timununkhize. Aliyense ankalamula, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa chochita. Ine ndinkangomupukuta matope kumaso ndi chitenje, ndikumuuza kuti adzuke, sindimukalipiranso.

Amuna anga anamubereka kumbuyo ndi chitenje changa chomwecho n'kukwera njinga kupita kuchipatala cha mishoni. Msewu wa kumapiri kwathu nthawi ya dzinja ndi wokankha njinga, osati wopalasa. Ine ndinkathamanga pambuyo pawo wopanda nsapato, ndikuona timiyendo take tikulendewera. Asisitere a kuchipatala anamugoneka pa tebulo, anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti anakhala m'madzi nthawi yotalika bwanji. Ndinati sindikudziwa. Iwo anamufunditsa nsalu mpaka kumutu.

Maliro atatha, alongo anga anaitanitsa abale. Anati mkamwini wakumba manda pakhomo pa eni ake, atenge katundu wake azipita kwawo. Amuna anga anangozyolika. Ndinaimirira ine. Ndinati, "Achimwene, dzenje anakumba ndi iwowa, inde. Koma likanakhala poyera mwana akanaliona, ifenso tikanamuona. Udzu uja ndinayala ndine. Ngati pali wochoka pamudzi pano, thamangitsani ineyo." Amayi anga anangoti tsoka silinunkha, koma mawu amenewo sanandithandize kanthu.

Mwana wanga wamkazi anakana sukulu sabata zingapo. Ankati akanakhala pakhomo mlongo wake sakanafa. Ndinkamukokera ndekha mpaka pabwalo la sukulu, tonse tikulira, ndikumuuza kuti mlandu umenewu si wake. Amuna anga anakwirira dzenje lija okha ndi khasu, osalola munthu kuwathandiza, ndipo khitchini ya njerwa sinamangidwe mpaka anamwalira.

Ine ndikukhalabe m'nyumba yomweyo. Njerwa ya phazi la mwana ija mmisiri anaiika osadziwa kukhoma la kuseri, chammunsi, phazi likuyang'ana kunja. Ndinaipeza patatha chaka ndikusesa, tizala tonse tisanu tikuoneka bwinobwino. Mwana wanga wamkazi, amene tsopano ndi mphunzitsi, anabwera ndi matumba a simenti kuti nyumba yonse ipakidwe pulasitala. Ndinamuuza kuti apake konse kumene akufuna, koma khoma la kuseri alisiye. Anandifunsa chifukwa chake, ndiye ndinamugwira dzanja n'kupita naye kukamuonetsa. Anagwada n'kuikapo chikhato chake, ndipo phazi lonse linakwana m'kati mwake.