Tawuni yonse ndi maso a amuna anga

Ine, ee, ine ndemwe, amene sukulu inandikana ndili sitandade 2, lero ndikusintha anthu maso pa kompyuta. Ku Perth kuno, ku Australia, munthu sukalamba, umangopusa mwatsopano.

Mwana wanga amasamalira nkhalamba ku Midland. Nkhalamba za eni, ee, yakeyake n'kuisiya pa sofa. Ndiye mdzukulu wanga wamkazi, wa ku yunivesite, anandimvera chisoni n'kundionetsa gemu yake. Muli tianthu mmenemo, timadya, timasamba, timakwatirana popanda ankhoswe. Anaumba ine, duku kumutu. Kenako anaumba malemu agogo ake aamuna poonera chithunzi chimodzi chomwe ndinabwera nacho. Chipewa chawo, inde. Mpata wa mano, inde. Koma maso! Oyera mbee, aulemu, ngati a mkulu wa mpingo.

Mwanayo sanalakwe. Pa chithunzipo bambowo anatsinzina. Ndipo chimwalirireni, ndinali nditayamba kuiwala mmene ankandiyang'anira. Zimenezo zinkandiwawa, sindinama.

"Awa si amuna anga," ndinatero. "Anga maso awo anali ofiirira, utsi wa m'mabalani a fodya, kuphatikizapo zakumwa za Loweruka."

Akuti pa intaneti pali anthu ntchito yawo n'kujambula maso basi. Maso okhaokha! Amayi awo anyadire. Tinasankha, tinasankha, mpaka ndinakuwa: "Awo! Awo omwewo!"

"Dikirani agogo," anatero m'Chichewa chake chotsimphina chija. "Choyamba ndisunge tawuni yonse ya mu gemumu pa fulashi, kuti zikawonongeka agogo aamuna asatayike. Komanso maso awa si a munthu mmodzi. Amalowa kwa aliyense wa maso akuda. Tifune ena."

"Iwe, unagona nawo nyumba imodzi ndiwe? Ika!"

Anasunga zakezo, anatseka gemu, anaika, anatsegulanso.

Mayo ine, mayo! Amuna anga maso ofiira, zoona. Koma wobweretsa makalata wa mu gemumo, maso ofiira. Mayi woyandikana nafe, ofiira. Ana atatu a mayiyo, ofiira psuu. Kakhanda ka m'nyumba ya kutsidya kwa msewu, kosayenda n'komwe, kakundiyang'ana ndi maso a amuna anga!

Ndinaimirira, ndinavina, ndinaimba: "Ndinanena ine, ndinanena! Ati ndikukaona fodya, ati ndikukaona fodya, fodya wake ndi ameneyu!"

Zaka zonse zija anthu a kwathu ankanong'ona, ine ndikukana, ine ndikuikira kumbuyo. Zinatengera kompyuta ya ku Australia kuti umboni utuluke, mzere wonse mpaka kusitolo.

Mdzukulu anaseka mpaka kugwa pa mpando. Ine kuseka kunandithera msanga. Maso aja ali pa aliyense, sanalinso a munthu wanga.

"Fufuta onse," ndinatero.

"Ndikafufuta tawuni, agogo aamuna apita nawo. Tichotse fayilo ya masoyo yokha."

"Ayi, asapite. Anapita kale kamodzi, osatsanzika."

Anatsekanso gemu, anatulutsa fayilo ija, anatsegula kuti tione ngati anthu abwerera mwakale. Ana a mayi uja anapezanso bambo wawo, zikomo. Kenako anafuna maso ena ofiirira, oti umaveka munthu mmodzi ngati magalasi. Anaika amodzi okha, anayesa kaye pa kamunthu kachabechabe, kenako pa amuna anga. Ine nthawi iyi osalamula.

Mdzukulu anakokera nkhope yawo pafupi. Diso lakumanzere analitsitsa pang'ono mmene ndinamuuzira. Ndipo anandiyang'ana, amuna anga, mmene ankachitira akabwera mochedwa n'kumayembekeza kuti ndiyambe ndine kuseka. Nyimbo inandikanika. Mdzukulu anapita kukhitchini kukatenga madzi oti palibe anamutuma.

Tinayang'anana choncho, ine ndi iwo, kanthawi ndithu. Kenako bambowo anatembenuka, anapita kukatsegula firiji, anadya chiimire, mbale n'kuisiya pansi.

Ndi iwowo, ee, ndi iwowo.