Womuimbira Ameliya

Ndinadzuka kudakali mdima. Kunena kuti ndinagona kungakhale kunama; ndinangotsamira khoma pafupi ndi amayi, makutu ali kunja. Usiku wonse pabwalo pathu ku Chingodzi panali anthu, koma nyimbo zimene zinamveka zinali za m'kawailesi kamene wina wa kuntchito kwa malemu anabwera nako. Mabatire atatha, nyimbo zinatheranso pomwepo. Ine ndakulira pamaliro, koma ndinali ndisanaonepo anthu akuchezera chete chotero ngati akudikira basi.

Womwalirayo anali mng'ono wanga, Ameliya. Kwathu kwenikweni ndi ku Angonia, koma tinakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo mtendere utabwera tinadzakhazikika ku Tete. Ameliya anabwerako ndi Chingerezi cha kusukulu, kuno n'kudzaonjezera Chipwitikizi. Malasha a ku Moatize atayamba kukoka alendo ndi ndalama zawo, analembedwa ntchito m'tauni, tsidya lina la mlatho, pa eskiritoriyo, ndiye kuti ofesi, ya mlangizi wa za chuma. Bwana wakeyo onse amawatcha adotolo, ngakhale sanabayepo munthu jakisoni. Ankalangiza eni malole, eni nyumba zobwereketsa ndi ogwira ntchito kumgodi za kumene angasunge chuma chawo kuti chiswane. Ameliya ndiye ankayankha matelefoni, kukonza mapepala, kukumbutsa adotolo za anthu oti akumane nawo, ndi kuziziritsa mitima ya obwera atakwiya. Ankanyamuka m'mamawa kuthawa mzere wa malole pamlatho, n'kumabwera ife titadya kale. Loweruka kwa iye linali ngati Lolemba.

Pamaliro a m'dera lathu sankaoneka. Ankatumiza envelopu, thumba la mpunga, nthawi zina galimoto yonyamula anthu. Wopita ndinali ine, wogulitsa mbatata ya ku Tsangano, amene ndimangovundikira benchi ndi chiguduli n'kunyamuka. Ndinkagwada n'kunena kuti ndabweranso m'malo mwa mng'ono wanga. Ankalandira ndi manja awiri, koma envelopu siimba, ndipo thumba la mpunga silikhala pamphasa ndi namfedwa. Anthu ankasunga m'mimba. Malungo amene Ameliya ankati adzapita nawo kuchipatala ntchito ikachepa anamutenga m'masiku ochepa chabe.

Kutayamba kuyera ndinatuluka panja. Amayi a m'dera anali atabwera ndithu, koma anakhala kunja kwa mpanda, pansi pa mtengo wa masawu, miyendo atatambasula. Panalibe amene anasenza nkhuni kapena chidebe cha madzi. Ndinapita kukagwada pamaso pa mayi wachikulire amene amatsogolera nyimbo pamaliro onse a m'dera lathu. Anandilola kulankhula mpaka ndinamaliza.

“Amake Tomasi, inu tilibe nanu mlandu,” anatero. “Tsiku lanu tidzaimba mpaka mawu kusasa. Tabwera chifukwa cha amayi anuwo. Koma maliro n'kulirana.”

Sananame. Ndinabwerera m'nyumba, ndipo amayi anangondiyang'ana kumaso. Chimene ankaopa chinali chimodzi, ndipo anali atachinena kangapo chiyambire dzulo lake: kuti mwana wawo angatuluke pakhomo popanda womuimbira, ngati katundu wopita kumsika. Ife achibale sitikanatha kuyambitsa nyimbo, pakuti anamfedwa ntchito yawo ndi kulira. A ku Angonia anabwera ochepa, chifukwa kutentha kwa kuno mvula isanagwe sikulola kuti maliro adikire anthu akutali.

Dzuwa litangotuluka kunafika lole yotumizidwa ndi a ku eskiritoriyo. Anyamata anatsitsa matenti, mipando yoyera ndi madzi a m'mabotolo. Ophika ovala zipewa zoyera anayatsa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba, n'kuyamba kudula nyama ya mbuzi osalankhula ndi aliyense. Zonse zinali m'malo mwake, ngati msonkhano wa kuhotela. A ku eskiritoriyo anachita zimenezi ndi mtima wabwino, koma pansi pa mtengo paja zinangoonjezera mkwiyo, chifukwa zinaoneka ngati envelopu ina, yaikulu kuposa zonse. Ine ndi mlamu wanga wamkazi tinaika mafuwa pakona, n'kutereka nyemba zimene panalibe amene anazipempha. Ndinkangofuna kuti pabwalo pafuke utsi.

Nthawi yoika maliro inali masana, dzuwa lili pamutu. Amalume ankafuna madzulo kukazizirako, koma a m'tauni anati akhoza kuchoka pantchito pa nthawi ya nkhomaliro yokha, ndipo galimoto ya bokosi inali yolipiridwa ndi iwo. Amalume anang'ung'udza, kenako anavomera. Pofika chakumasana mchenga unali kuwotcha mapazi ngakhale m'nsapato. Mphepo yotentha inkabweretsa fumbi la mumsewu wa malole, ndipo ndege zotera pabwalo la pafupi zinkadula mawu a aliyense wofuna kulankhula.

Magalimoto anayamba kufika, ataliatali, a magalasi akuda. Munatuluka anthu amene sindinawaonepo: eni malole a mimba zawo, amayi onunkhira mafuta odula, azungu awiri ofiira ndi dzuwa. Ena ankatsalira m'galimoto momwemo injini ikulira, kuti mpweya wozizira usawathere. Onse ankanena zofanana, kuti akaimba telefoni ankayamba kumva mawu a Ameliya, ndipo nthawi zambiri nkhani inkathera pa iyeyo. Mmodzi anati ankamuimbira ngakhale Lamulungu, ndipo sanakanepo kuyankha. Ananena ngati chiyamikiro, ine n'kugwedeza mutu.

Adotolo anafika mochedwa, atasochera njira, chifukwa wowauza nthawi ndi kokhotera anali yemweyo tinkamuikayo. Anaima pakati pa bwalo osadziwa koti akhale, mpaka amalume anawapatsa mpando. Atapatsidwa mpata analankhula m'Chipwitikizi, ndipo misozi yawo inali yeniyeni. Sindiwada. Telefoni yawo inkanjenjemera m'thumba la malaya nthawi yonse imene ankalankhula, iwo n'kumaigwira ndi dzanja ngati munthu womva kupweteka pamtima.

Bokosi linabwera kuchokera kuchipatala, tinaona nkhope, abusa anapemphera. Amayi a pansi pa mtengo analowa pamzere, anaona nkhope, n'kubwerera pamalo awo osatsegula pakamwa. Pa nthawi imeneyo pachipata panaima njinga yamoto, ndipo panatsika mtsikana wovala siketi ya kuntchito, thukuta lili chuchuchu. Ndinamuzindikira: anali mnzake wa Ameliya wa pa tebulo loyandikana, amene ankathandiza mlangizi wina pa eskiritoriyo yomweyo. Anatulutsa kapulana, chitenje cha kuno, m'chikwama, anamanga pamwamba pa siketi, ndipo m'malo molowa mu tenti anapita kukagwada pansi pa mtengo paja kupereka moni. Ine ndinali pafupi, ndikupereka madzi.

Mayi wachikulire uja anamuyang'ana kuyambira kunsapato. “Akupatsani mpaka nthawi yanji, mwana wanga?”

“Mpaka katorze ora, amayi,” anayankha mtsikanayo, kutanthauza 2 koloko masana, Chinyanja chake chili chosakaniza ndi Chinyungwe. “Patelefoni sipangakhale popanda munthu. Kwathu ku dera la Samora Machel akuikanso azakhali anga lero lomwe.”

“Nanga mwasiyiranji azakhali anu, poti ndiko kufupi ndi kuntchito kwanu?”

“Azakhali ali ndi anthu. Ameliya ankandiuza kuti iye sadzakhala nawo.”

Ine mawuwo anandilasa, chifukwa zaka zonsezo ndinkaganiza kuti mng'ono wanga sadziwa zimene anthu ankanena. Kunyumba sanatchulepo. Ankangondipatsa envelopu, n'kufunsa ngati ndili ndi ya shapa, minibasi ya kuno.

Anyamata a kampani ya maliro ananyamula bokosi n'kulilowetsa m'galimoto. Linatuluka pachipata mwakachetechete, moti ndinamva matayala akuphwanya timiyala. Amayi anafika pakhomo atagwiridwa mbali zonse, anayang'ana pansi pa mtengo paja, ndipo anakomoka. Anawabwezera m'chipinda. Msuweni wathu amene ndi namwino anawapatsa mankhwala n'kutsala nawo, ndipo ife tinanyamuka.

Kumbuyo kwa galimoto tinali oyenda pansi ochepa: ine, amalume, mlamu wanga, achibale a ku Angonia ndi mtsikana uja. Pambuyo pathu panali mzere wa magalimoto otseka mawindo. Titakhota pakona pa ogulitsa makala, mtsikanayo anayamba nyimbo. Inali nyimbo ya maliro imene aliyense kwathuko amaidziwa, koma anaiyambira pamwamba kwambiri, ndipo mawu ake anali aang'ono, ozolowera kulankhula pa telefoni. Anafika pamene gulu liyenera kuvomera, panalibe wovomera. Anayambiranso. Nsapato za kuntchito zinkamulowa mumchenga, anazivula n'kuzigwira m'manja, ngakhale pansi panali moto. Pofika ndime yachiwiri anasokoneza mawu, n'kubwereza a ndime yoyamba.

Kuvomera kunachokera kumbuyo, kutali, kuseri kwa magalimoto. Poyamba anali mawu amodzi, okhuthala, akukonza ndime imene inasokonezedwa ija ndi kutsitsa nyimbo kuti ifike poimbika. Kenako anachuluka. Sindinacheuke msanga. Nditacheuka ndinaona amayi aja akudutsa pakati pa magalimoto, makapulana atamangira m'chiuno, mayi wachikulire uja ali patsogolo, nkhope yake ili yokwiya monga inalili m'mawa. Anafika pambali pa mtsikanayo n'kumulanda nyimboyo osamuyang'ana. Kaya inali chifundo, kaya kunali kusapirira kumva nyimbo ikuonongedwa pamsewu, sindinafunse ndipo sindidzafunsa. Anthu anayamba kutuluka m'mipanda n'kulowa pamzere. Woyendetsa galimoto ya bokosi anachepetsanso liwiro.

Kumanda kunalibe mthunzi. Abusa anafupikitsa mawu, bokosi linatsika, amuna a m'dera analanda mafosholo kwa anyamata a kampani n'kumalandirana. Dothi lisanadzaze, a m'tauni anayamba kuyang'ana mawotchi pamikono. Mmodzimmodzi anabwerera ku magalimoto, adotolo atandigwira dzanja nthawi yaitali. Mtsikana uja anapukuta mapazi, anavala nsapato, anapinda kapulana n'kuibwezera m'chikwama. Mayi wachikulire uja anamufunsa kuti nyumba ya azakhali akewo ili chapati ku Samora Machel, ndipo anamvetsera bwinobwino malongosoledwe ake. Kenako mtsikanayo anathamangira galimoto ya adotolo kuti asatsale.

Titabwerera tinasamba m'manja pachipata. Amayi a m'dera anadya nyemba zathu zija, za ophika a zipewa zoyera n'kuzisiyira amuna ndi ana. Dzuwa lisanalowe lole inabweranso kudzatenga matenti ndi mipando, ndipo pabwalo panatsala mabowo a zikhomo ndi mabotolo opanda kanthu. Anthu anabalalika. Amalume anakhala pakhonde, mlamu wanga akutsuka mbale kuseri.

Amayi anatsitsimuka kukuyamba kuda. Ndinawapeza atakhala pamphepete pa bedi, duku lili m'manja. Iwo chimene anaona chinali bokosi likutuluka pachipata popanda mawu, ndipo za pambuyo pake palibe anali atawauza.

“Anapita choncho mpaka kumanda?” anafunsa.

Ndinawauza kuti ayi, anamuimbira, kuyambira pa ogulitsa makala mpaka dothi litatha. Anandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndikungowatonthoza. Kenako anagona chammbali n'kunena kuti ndiwauze amene analipo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kutchula, nyumba ndi nyumba, kuyambira kwa oyandikana nafe kutsikira kumpopi. Pa dzina lililonse ankavomera pang'ono kukhosi. Ndisanamalize msewu wathu anali atagona, koma ine ndinapitiriza kutchula mpaka nyumba yomaliza.