Agwape a Alamu Anga

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ndi olemba zikwangwani. Dzina lenileni ali nalo, koma m'tauni monse amadziwika kuti a Bulashi. Kashopu kawo kali kuseri kwa owotcherera zitsulo, kachipinda kamodzi konunkha penti ndi palafini, zitini zitaunjikana mpaka pawindo. Mitu yonse yojambulidwa pamakoma a ometa tsitsi kuno ndi ya manja awo, ndipo yonse imafanana ndi maungu. Ine ndimasoka zovala pakhonde la shopu yomweyo, choncho zomwe ndikunenazi sindinachite kumva kwa anthu.

Kumunsi kwa tauni kunali dambo lalikulu, kutsidya kwake nkhalango. Agwape ankatsika m'nkhalangomo kudzamwa madzi, nkhwali zinkaikira mazira mu udzu, ndipo nthawi ya mvula achule ankaimba osapuma. Alamu dambolo ankadana nalo kwambiri. Ankati limawadetsera nsapato zawo zoyera, komanso kuti munthu waluso sangaganize bwino m'phokoso la achule.

Itabwera kampani yomanga msewu, kunachitika msonkhano m'holo ya pasukulu. Mayi wina wophunzitsa sayansi anafunsa kuti msewu ukadula pakati pa nkhalango ndi dambo, nyama zizidzadutsa pati. Injiniya asanatsegule n'komwe pakamwa, alamu anali ataimirira kale.

"Inu aphunzitsi, chule anayamba waberekerapo panjinga popita kuchipatala? Ife tikufuna phula. Nyamazo zili ndi miyendo inayi, ife iwiri. Zizungulire!"

Holo yonse inaomba m'manja, inenso ndinaomba nawo, poti za kuberekera panjira sizinali zabodza. Kapitawo wa kampani anafunsa kuti bambo wolankhula bwinoyo amagwira ntchito yanji.

Mapepala a kampani ankati nyama zidzasamalidwa. Kusamalako kunali chipaipi chimodzi cha simenti chodutsa pansi pa msewu, ndi zikwangwani zochenjeza madalaivala. Chipaipicho anachikwirira pamtunda wa miyala, kutali ndi pomwe nyama zinkamwera. Ogwira ntchito ankanena poyera kuti ndi pomwe chinagwera kuchoka pa lole, ndipo panalibe wofuna kuchinyamulanso. Ntchito ya zikwangwani inagwera alamu.

Tsiku limene anamaliza gwape woyamba anatiitana tonse. Achemwali anapendeka mutu uku, kupendekanso uko.

"Bambo, kodi mbuziyi ili ndi bere?"

"Ameneyo ndi gwape akudumpha, mayi. Zaluso zisiyireni eni ake."

Osatumidwa ndi munthu, anawonjezera chikwangwani china, chokhala ndi muvi wofiira, n'kukachizika pakamwa pa chipaipi: NYAMA DUTSANI APA.

"Alamu," ndinatero, "agwapewo anaphunzira sukulu iti?"

"Muvi sufuna sukulu, mlamu," anandiyankha akupukuta m'manja.

Pa tsiku lotsegulira msewu kunabwera bwana wamkulu wa tayi. Wojambula zithunzi anati pakufunika nyama ikutuluka m'chipaipi, bwana ataima pambali akumwetulira. Kapitawo anabalalitsa antchito m'tchire, ndipo atasaka mpaka thukuta anabwerako ndi fulu. Anamulowetsa mbali ina, anthu tonse n'kuthamangira mbali inayo. Fulu anabweza mutu m'chigoba n'kukhala phee. Bwana anamwetulira padzuwa mpaka masaya kuwawa. Pomaliza munthu wina anakwawira m'chipaipimo n'kumukankha ndi ndodo, chithunzi n'kujambulidwa, m'manja n'kuwombedwa. Fuluyo anamaliza ulendo wake m'buti ya galimoto ya dalaivala wa bwana.

Amene anawerenga bwino chikwangwani cha alamu anali otchera misampha. Kale ankayenda nkhalango yonse kufufuza mapazi a nyama, koma tsopano tinyama tochepa tomwe tinkayesa chipaipicho tinkapeza waya akudikira pansi pa muvi wofiira. Mmodzi wa iwo anafika pashopu kudzathokoza, ati a Bulashi mwatipeputsira ntchito. Alamu anazitenga ngati kuyamikira luso.

Mvula yoyamba itagwa, achule anauyamba ulendo wawo wa chaka ndi chaka wopita kudambo. M'mawa mwake phula linali litayalidwa achule ngati mkeka, mpaka njinga zinkaterereka. Kenako tinayamba kuzolowera: lero kanyimbi, mawa kadzidzi mapiko ali tambasu, mkuja ng'azi yophwatalala ngati lamba. Malole ankadutsa pansi pa agwape a alamu osachepetsa liwiro ngakhale pang'ono.

"Vuto ndi nyamazo," ankatero alamu. "Kusamva. Njira tinaziikira."

Chimtumbira cha msewu chinatsekanso madzi. Kumtunda anadikha n'kusanduka obiriwira, kumunsi dambo linauma n'kung'ambika ngati chidendene. Achule anati zii. Alamu analengeza kuti tsopano aziganiza zakuya, koma m'malo mwa achule munalowa udzudzu, ndipo malungo anawagoneka kangapo chaka chomwecho. Akadzidzi atatha, makoswe anatenga tauni. M'shopu anadya ubweya wa mabulashi onse n'kusiya timitengo tokha, kwa ine anaboola diresi la kasitomala pamalo osatchulika.

Nkhalango nayo inayamba kukwera malole, poyamba ngati matabwa, kenako ngati makala. Anyani atasowa chodya anatsikira kumsewu kukatola makoko a nthochi otayidwa pamawindo a mabasi. Ataona kuti anthu ndi omwewa, anafika m'tauni. Masana ena alamu atapita kokodza, nyani wamphongo analumpha makina anga n'kulowa m'shopu. Anatsegula chitini cha penti wachikasu poyesa ndi chakudya. Alamu pobwera anakumana naye pakhomo, maso ndi maso. Sindikudziwa amene anayamba kukuwa, koma amene anathawa ndi alamu. Nyani anatuluka mwaulemu wake, akudinda zikhatho zachikasu pazikwangwani zonse za makasitomala, ndipo wometa tsitsi wina anatenga chake chili choncho, ati chakongolako.

Patapita zaka, zikwangwani za mumsewu zinafwifwa, kapitawo n'kubwera kuti zipentedwenso. Apa n'kuti mawu a dalaivala wina wa minibasi atawalasa alamu pamtima. Iye ankaitanira anthu kuti, "Otsika pa Mbuzi ya Bere!" ndipo dzinalo linali litakhazikika. Alamu analumbira kuti ulendo uno ajambula gwape weniweni, wochita kumuona ndi maso.

Anavala nsapato zakale, kutenga pensulo ndi katoni, n'kulowera kunkhalango. Anapeza zitsa, mauvuni a makala ndi mapepala a pulasitiki atakodwa paminga. Anapitanso mawa lake, n'kupitanso. Owotcha makala atawafunsa chomwe akufuna, anaseka mpaka kukhala pansi.

"Gwape? Pitani kumsewu, akulu. Aliko ambiri, pamitengo yachitsulo."

Gwapeyo anadzamupeza m'mawa wina akubwerera. Anali wamkazi, atagona m'ngalande m'mbali mwa phula, thupi likadali lofunda. Magazi sanali ambiri. Mwana wina anabwera kudzandiuza kuti alamu anu apenga, akhala m'ngalande. Nditafika ndinawapeza atakhaladi pansi, katoni pamwendo, akujambula. Anthu anali atazungulira ndi mipeni, akudikira kuti waluso amalize.

"Mlamu," anatero osandiyang'ana, "kodi miyendo yake imakhala yowonda chonchi? Taonani makutu. Ine ndinkamuika makutu a galu."

Tsiku limenelo sanadye, ndipo achemwali anaganiza kuti malungo abweranso.

Kunena zoona, gwape amene anatuluka pa chikwangwani chotsatira anali chinthu chokongola kuposa chilichonse chomwe manja awo anapangapo. Anthu ankaima pakhonde panga kumuyang'ana. Koma poti alamu anajambula chimene anaona, khosi linali lopindikira kumbuyo, diso lili tong'o. Kapitawo atafika anagwira m'chiuno.

"A Bulashi, ichi n'chiyani? Bwana akadutsa aziti tikupha nyama? Tikufuna gwape wosangalala, wodumpha. Bwezerani wakale uja."

Ndinaona alamu akutsegula pakamwa, ndipo ndinaimitsa makina kuti ndimve bwino. Anayang'ana chikwangwani, anayang'ana kapitawo, anayang'ananso galimoto ya kampani itaima panja.

"Wosangalala kwambiri kapena pang'ono, bwana?"

Madzulo ake anali atamufafaniza ndi penti woyera.

Lero alamu ndi munthu wonenepa. Dambo louma lija linadulidwa mapuloti, ndipo chikwangwani chilichonse cha MALO OGULITSA ndi chawo. Munthu wina wamanga malo ogona alendo pomwe nyama zinkamwera madzi, n'kuwapatsa ntchito yodzaza mpanda wonse ndi nyama zakutchire. Ajambulapo mikango, njovu, ngakhale akadyamsonga, zomwe kuno sizinapondeko chilengedwere dziko. Alendo amaima pampandapo kujambulitsa.

Sabata yatha mvula inagwa yamphamvu, madzi n'kusowa kolowera. Anadzaza mapuloti onse, n'kukalowa m'zipinda za alendo mpaka matiresi kuyandama. Mwini malo anabwera pashopu buluku atapinda m'mawondo, kudzafunsa ngati alamu angalembe chikwangwani choti malowo atsekedwa kaye. Alamu anamuuza kuti bola alembe DZIWE LOSAMBIRA, n'kufunsa ngati akufuna ajambulepo ndi mvuu.