Choko cha ba Lister M'buku Lathu

Ba Lister anabadwira ku Nkomeshya mu 1971. Chakachi ndinawafunsa kawiri, masiku osiyana, ndipo kachiwiriko anatulutsa chitupa kuti ndileke kuwavutitsa. Ndi mayi wosoka zovala, telala. Shopu yawo ili kuseri kwa msika wa pa Chongwe, ukangodutsa pamene pamaima maminibasi a ku Lusaka, pakati pa wogulitsa mbewu ndi wokonza njinga. Sukulu analekezera giredi seveni, chaka chimene matenda a denkete anatha ng'ombe za atate awo. Kusoka anaphunzira kwa azakhali awo ku Lusaka, komwe anatha zaka ziwiri akusita ndi kupinda m'mphepete mwa nsalu asanaloledwe kugwira sizasi. Anabwerako mu 1996 ndi makina opalasa ndi phazi, omwewa alipo lerowa. Mu Januwale amasoka mayunifomu a sukulu, miyezi inayo madiresi a zikwati ndi a makwaya. Kunyumba amalankhula Chisoli, pamsika Chinyanja, ndipo kasitomala akawakwiyitsa amakhala chete m'zilankhulo zonse ziwiri.

Ife tinawadziwa chifukwa cha tebulo lawo. Tinali atatu: Nathan, Sheila ndi ine Jenala. Tonse timakhala pa Chongwe koma timagwirira ntchito makampani a ku Lusaka, pa laputopu. Ntchito yathu ndi kukonza mmene mapulogalamu a pafoni aziwonekera, kuti munthu akatsegula adziwe pokanikiza ndipo asasochere. Amayi anga mpaka pano amauza anzawo kutchalitchi kuti ndimakonza mafoni owonongeka, ndipo ndinasiya kuwatsutsa.

Nathan ndiye anayambitsa zoti tikhale ndi kalabu yowerenga mabuku a ntchito yathu. Malo analibe. Chinali chaka cha 2024, magetsi akuzima tsiku lonse, ndipo Sheila atapita kukayesa diresi kwa ba Lister anaona zinthu ziwiri: tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi sola padenga. Anapempha. Ba Lister anavomera Loweruka lililonse pa 14 awazi, ndiye kuti 2 koloko masana, bola pasabwere chakumwa chilichonse pafupi ndi nsalu za anthu. Anatipatsa dzina loti a mafoni.

Buku linali limodzi lokha, lachingerezi, lachikuto chobiriwira, mitu khumi ndi iwiri, lonena za mmene ungaphunzirire kwa anthu amene adzagwiritse ntchito chimene ukupanga. Nathan anabwera nalo kuchokera kumsonkhano wina. Tinagwirizana kuti lizikhala m'dilowa la tebulo, aliyense azibwera kudzawerenga pakati pa sabata. Nathan analemba ndandanda ya otsogolera mutu uliwonse, mayina atatu obwerezabwereza, naimata pakhoma. Kunena zoona, ine ndinkawerenga Loweruka m'mawa, mothamanga. Sheila ankawerenga ali chiimire. Nathan ankawerenga tsamba loyamba ndi lomaliza la mutu, n'kulankhula kuposa tonse.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti ba Lister ankaliwerenga. Kasitomala akachoka, ankatsegula dilowa, kuvala magalasi, n'kutsatira mzere ndi chala. Mawu owavuta ankawalemba kuseri kwa kapepala ka miyeso, n'kukafunsa mphunzitsi wina amene amamusokera masiketi. Nthawi zina tsamba limodzi linkawatengera masana onse. Anandiuza pambuyo pake kuti chiyambire giredi seveni anali asanamalizepo buku lina kupatula la nyimbo, ndipo ili anatsimikiza mtima kuti alimaliza. Loweruka lililonse ankapalasa makina pang'onopang'ono kuti amve zokambirana zathu, akudikira kuti mwina wina atembenuka n'kuwafunsa maganizo awo pa mutuwo.

Tinkatembenukadi, koma ndi foni m'manja. Pa ntchito yathu, chimene wapanga umachiyesa pa munthu, ndipo ba Lister anali munthu amene anali pafupi. Nthawi imeneyo Nathan ankakonza pulogalamu yoti mlimi azitumizira dokotala wa ziweto uthenga mbuzi ikadwala. Ankawapatsa foni, kuwaonetsa pokanikiza, n'kufunsa ngati zamveka. Iwo ankati zili bwino. Nathan ankachonga m'kope mwake. Miyezi itatu anachonga chonchi, osaphonya.

Panalinso khadi. Ichi ndimachita nacho manyazi, koma popanda icho nkhaniyi siimveka. Ife timakonda kulemba pa khadi mtundu wa munthu amene tikumupangira chinthu, kuti tizimukumbukira. Nathan analemba lake pa pepala lolimba, Sheila anajambulapo mayi wovala duku, ine ndinakonza kalembedwe. Linkati: mayi wa pamsika, zaka makumi asanu kapena kupitirira, foni amaidziwa pang'ono, sakonda kuwerenga, m'patseni zithunzi. Dzina sitinalembe, koma mayi wojambulidwayo anali ndi tepi yoyezera m'khosi. Tinalilemba m'Chingerezi, ndipo tinalimata pakhoma la shopu yawo, pamwamba penipeni pa makina. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti mwini khoma angaliwerenge.

Kumayambiriro kwa Okutobala Nathan anabwera ndi nkhani. Anali atapeza anzathu ena asanu a ntchito yomweyi ku Lusaka, ndi malo ena omwera khofi amene anavomera kutisungira ngodya Loweruka. Anati kalabu ikule, isamuke. Sheila anavomera chifukwa cha khofiyo. Ine ndinati ndiganizire, kenako ndinavomera monga ndimachitira nthawi zonse. Tinapangana kuti Loweruka lotsatira likhala lomaliza pa Chongwe, ndipo buku lipita nafe. Makina a ba Lister anaima pang'ono, n'kuyambanso. Sabata imeneyo, ndinamva pambuyo pake, anabweza makasitomala awiri kuti awerenge, komabe anangofika kumapeto kwa mutu wachisanu ndi chinayi. Inatsala itatu.

Tsikulo kunatentha kwambiri. Nathan anali akuchotsa ndandanda pakhoma pamene Sheila, akutsegulatsegula buku kuti azidzipepesera mphepo, anayamba kudandaula kuti wina wakhala akulidetsa. M'mphepete mwa masamba munali timizere ta buluu, pena kamodzi, pena tiwiri, pena kamtanda. Tonse tinali titationapo kale, aliyense akuganizira mnzake. Sheila anati ndine, chifukwa ndine wokonda kuchonga zolakwa. Ine ndinati sindingalembe m'buku la mwini ngakhale ndi pensulo. Nathan anati iye sangakhale, ndipo tinamukhulupirira msanga, popeza timizereto tinali m'masamba a pakati. Sheila anapukuta kamodzi ndi chala, n'kuona kuti kakufufutika ngati fumbi.

"Ni choko changa icho," anatero ba Lister, osadzutsa mutu pa nsalu. "Chimachoka, musade nkhawa. Koma buku musatenge. Nikalibe kusiliza."

Tonse tinatembenukira kumakina. Nathan anafunsa, mwaulemu ndithu, ngati akutanthauza kuti ankaona zithunzi. Iwo anavula magalasi, n'kumuyang'ana monga amayang'anira msoko wokhota. Anafotokoza kuti mzere umodzi ndi pamene agwirizana ndi wolemba, iwiri ndi pamene wolembayo watalikitsa nkhani, kamtanda ndi pamene sanamve. Anati mutu wachisanu ndi chimodzi ndiwo wabwino kuposa yonse, ngakhale uli ndi mizere iwiriiwiri yambiri, chifukwa mzunguyo watenga masamba makumi atatu kunena chinthu chimene azakhali awo anawauza tsiku limodzi.

"Uja mutu munabelenga mu Julayi, ba injiniya," anauza Nathan. "Ukamba kuti osafunsa munthu ngati chinthu chili bwino. Manje kuchoka Julayi mwanifunsa kangati?"

Nathan anati koma iwo ankayankha kuti zili bwino.

"Nanga ningakambe chani? Muli m'shopu mwanga, ndimwe alendo, mwavutika kupanga. Nikuuzeni kuti ni chinthu chosokoneza?"

Mwamwayi wa Nathan, kapena mwatsoka lake, panalowa kasitomala. Anali ba Mainess a ku Bundabunda, mayi wamkulu thupi, woweta mbuzi, amene anabwera kudzayesa diresi la kwaya. Ba Lister anatiuza kuti tikhale pansi tione. Ba Mainess atatuluka kuseri kwa katani, telala anawafunsa dala ngati diresi lili bwino, ndipo iwo anati lili bwino kwambiri, Mulungu adalitse manjawo. Pamenepo ba Lister anaika mapini atatu pakamwa, n'kuloza ndi chibwano bokosi la ulusi pa shelefu ya pamwamba. Ba Mainess anatambasula dzanja, nsalu inakoka m'khwapa, ndipo anatsitsa phewa msanga. Choko chinadutsa pamenepo. Anawalozera kampando kafupi. Pokhala, ba Mainess anagwira diresi m'chiuno ndi manja onse awiri, n'kukhala cham'mbali ngati pampando pali minga. Choko chinadutsanso. Nthawi yonseyi ba Mainess ankapitiriza kuyamikira.

Atachotsa mapini, ba Lister anati mapiniwo sawaika pakamwa chifukwa chosowa poika. Azakhali awo anawaphunzitsa choncho kuti telala asamalankhule poyesa, chifukwa akangolankhula amayamba kuteteza msoko wake. Kenako anauza Nathan kuti apereke foni kwa ba Mainess, awauze chinthu chimodzi chokha, chakuti mbuzi yawo ikutsegula m'mimba ndipo akufuna dokotala, basi. Mapini anakana kum'patsa, ati angameze. Anam'patsa pensulo kuti alume.

Ba Mainess anagwira foni patali ndi maso. Poyamba panayenda bwino. Pa tsamba lachiwiri panali zithunzi zinayi za ziweto zopanda mawu, zimene Nathan ankanyadira kwambiri, popeza khadi linati m'patseni zithunzi. Iwo anayang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati kanyama kachiwiriko ndi galu. Nathan anang'ung'udza kuseri kwa pensulo, dzanja likupita lokha ku foni, ndipo ba Lister analimenya pang'ono ndi tepi. Ba Mainess anakanikiza ng'ombe, ati chifukwa ndiyo yokha yooneka bwino, ndipo dokotala akabwera adzaona yekha kuti ndi mbuzi. Kenako anafunsa chifukwa chimene sanangolembapo kuti mbuzi. Pobweza foni anati pulogalamuyo ili bwino kwambiri.

Sheila anaseka mpaka kutuluka panja. Nathan anachotsa pensulo, pali zizindikiro za mano ake, n'kutsegula kope lake la machongi a miyezi itatu. Analiyang'ana, n'kulitseka. Ine ndinali nditayang'ana khadi lija pakhoma, ndipo ba Lister anaona kumene maso anga ali.

"Nacho ninabelenga," anatero. "Tsiku lamene munamata. Duku mwajambula bwino."

Ndinapepesa, mwina katatu. Nathan anapepesa kamodzi koma motalika, mpaka ba Lister anamudula, ati zimenezo zisatayitse nthawi, funso lawo ndi la buku. Nathan anati buku litsala. Iwo anati buku lokha silikwanira, chifukwa pa mutu wachisanu ndi chitatu pali timitanda tisanu ndipo akufuna wina woti akangane naye. Nathan anayamba kufotokoza za anzathu asanu a ku Lusaka amene anali atawalonjeza kale. Ba Lister anafunsa ngati minibasi imene ikanatitengera ife kumeneko siibwerera. Ba Mainess, amene sankadziwa chiyambi cha nkhani, anatsimikiza kuti imabwerera, anaiona ndi maso awo.

Nathan anamatanso ndandanda pakhoma. Pa mutu wachikhumi panali dzina langa, ndipo ndinalifufuta ndekha ndisanauzidwe. Ba Lister analembapo lawo ndi choko, zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanja.

A ku Lusaka anabwera awiri mwa asanu aja, akudandaula za kutentha ndi kusowa kwa khofi. Mmodzi anabwera ndi botolo la chakumwa ndipo analisiya panja, pa njinga ya eni ake. Ba Lister anatsogolera atakhala pamakina. Anawerenga ndime imodzi mokweza, pang'onopang'ono, chala pamzere, anaima pa liwu lina n'kufunsa tanthauzo lake, ndipo zinapezeka kuti asanu tonsefe tinali ndi matanthauzo atatu. Zotsalazo anafotokoza m'Chinyanja, ndi zitsanzo za makolala ndi mazipi. Buku analimaliza pa 23 Novembala; tsikuli analilemba okha mkati mwa chikuto, ndipo ndakalionanso ndisanalembe pano.

Panopa tili pa buku lachitatu, ndipo tilipo asanu ndi awiri. Pulogalamu ya Nathan ili ndi mawu pansi pa chithunzi chilichonse, ndipo mbuzi anaijambulanso ndi ndevu. Pensulo ija imakhala m'dilowa, ndipo aliyense woyesa chinthu chake pa munthu amailuma, ngakhale alendo. Khadi silili pakhoma. Ba Lister anati pepala lolimba chotero silitayidwa, ndiye analidula kukhala chikombole cha kolala ya yunifomu ya ana a giredi wani. Mukalitembenuza, duku likuonekabe, ndi theka la mawu oti kuwerenga.