Diresi ya Apongozi

Kusoka ndinaphunzira ngati mmene ndinaphunzirira zinthu zambiri, powerenga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma pepala lililonse lolembedwa ndimalitola, ngakhale lokulungira mandasi. Tsiku lina mumsika wa Kawale, pa mulu wa mabuku akale, ndinapeza maenvelopu a mapatani, mapepala opyapyala aja amene amawayala pansalu n'kumadula motsatira mizere. Kunja kwake kunali azimayi achizungu ataima manja ali m'chiuno. Ndinawagula onse. Makina analipo kale kunyumba, a malemu azakhali a mkazi wanga, ndipo posakhalitsa ndinayamba kusoka masiketi a ana. Ana sadandaula, choncho ndinadziyesa katswiri.

Chaka chimenecho mlamu wanga, chitsirizira wa kwa mkazi wanga, ankachita chinkhoswe ku Area 23. Banja lonse linagula nsalu yofanana. Mkazi wanga, pondinyadira, anauza amayi ake ku Ntcheu kuti asataye nthawi ndi matelala, mkamwini wawo adzawasokera. Iwo anakondwa. Anati pa chinkhoswe cha mwana wawo womaliza adzavina mpaka anthu a m'tauni adabwe.

Anabwera ndi nsalu yawo tsiku limene mkazi wanga anapita kukapikula tomato, ndipo iwo ankabwerera ku Ntcheu masana omwewo. Tepi inali m'thumba mwangamu. Koma ine ndine wa ku Dedza, ndinakula ndikuona akamwini akupatukira kutchire akakumana ndi apongozi panjira. Nanga ndizungulize tepi m'chiuno mwawo? Ndinawalonjera nditanjuta pakhomo, maso ali pansi. Iwo anayankha atayang'ana kukhoma. Nsalu anaisiya pamphasa, ndipo ndinaitenga atachoka.

Madzulo ndinafunsa mkazi wanga kuti amayi amavala saizi yanji. Anatchula nambala imene amawagulira pa kaunjika. Nambala yomweyo ndinaipeza pa envelopu, mtima unakhala pansi. Sindinadziwe kuti nambala ya pa patani ndi ya pa chovala chogula ndi anthu awiri osiyana mafuko. Kumbuyo kwa envelopu kunalembedwanso kuti diresiyo ndi yogwira thupi ndipo imafuna nsalu yotamuka. Mawuwo ndinawawerenga bwinobwino, mwina mokweza kumene, kuti oyandikana nafe amve Chingerezi. Koma chitenje sichitamuka, ndipo ine sindinasiye mpata pena paliponse. Ndinadula pamzere penipeni, monyadira kuti dzanja langa silinjenjemera.

Apongozi anafika m'mawa wa tsiku la mwambo, n'kukavalira kwa mlamu. Ine ndinadzawaona ali kale patenti. Zipi inali itatsekeka, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anathandizana azimayi angapo. Apongoziwo ankayenda ngati asenza ndowa yodzaza, zigongono zitamatirira m'nthiti. Atafika pamene panakhala a kuchimuna, anafuna kugwada kuti alonjere. Bondo linapita pang'ono, diresi inakana. Anangowerama n'kuwomba m'manja chapamimba.

Mkulu wa mkazi wanga anandiyandikira n'kunong'ona: "Alamu, mwawasokera diresi amayi kapena mwawamanga bandeji?"

Ndinaseka nawo, koma khutu linali litatentha.

Kenako woyendetsa mwambo anaitana mayi a mtsikana kuti atsogolere pelekanipelekani. Nyimbo inayamba, nthungululu zinamveka. Apongozi anadzuka, anaponya mwendo kawiri, ndipo pokweza mkono kuti afupe mwana wawo, msoko wa m'khwapa unang'ambika mpaka m'nthiti. Ambiri sanaone. Ine ndinaona, chifukwa msoko umenewo ndinkaudziwa ngati mwana wanga. Iwo anatsitsa mkono mofatsa, anabwerera pampando, anafunda chitenje m'mapewa dzuwa likuswa mtengo, ndipo sanadzukenso. Azichemwali awo anawavinira. Mlamu wa chinkhoswe uja ankangocheukira kwa amayi ake, osamvetsa.

Mwambo utatha ndinkafuna kuzemba, koma mkazi wanga anati amayi akundifuna. Ndinapita n'kukanjuta chapatali. Ndinkayembekezera mawu olasa, ndipo mwina akanandipepuza. Iwo, atayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse, anati: "Bambo, mwagwira ntchito. Nsaluyi mwaikongoletsa. Koma ine thupi landichulukira masiku ano."

Anasenza okha mlandu wanga, anthu akumva. Ndinalephera ngakhale kuwatsutsa, poti mkamwini sakambirana ndi apongozi za thupi lawo. Ndinangowomba m'manja.

Usiku usanagwe mkazi wanga anawayeza kuchipinda, ine ndili panja. Ndinasomola misoko, ndinaika nsalu zina m'mbali ndi m'khwapa, ndipo diresi inawakwana bwino. Akuti amaivala kutchalitchi. Koma ana aakazi anawathera pamenepo, ndipo pa kanema wa chinkhoswe uja, amene banja limakonda kuonera pa foni tikakumana, apongozi amaoneka atakhala phee pakati pa anthu ovina. Kanemayo akayamba, ine ndimapita kukaona ngati nkhuku zalowa.