Besibo ya Alamu Anga ku Erdington

Alamu anga sanaonerepo besibo ngakhale kamodzi, koma zaka zimene ndinkakhala nawo ku Erdington, m'dziko la Angerezi, ndili pa yunivesite, ankaidziwa kuposa katekisimu. Besibo ndi mpira wa ku America uja womenya ndi chibonga n'kuthamanga mozungulira bwalo. Achemwali anga, omwe anali nesi, ankawerengera mayeso oti akagwire ntchito kumeneko, ndipo alamu anaona kuti mwamuna sangafike kwa eni ake alibe nkhani yochezera. Anasankha timu ya mumzinda umene ankayembekezera kukakhala, n'kuikakamira.

Kumudzi anali mphunzitsi wa sekondale. Kuno ankaperekeza ana kusukulu, masana n'kumakasanja makatoni kosungira katundu. Mumtima zinkawapweteka, ngakhale sankanena. Anzawo akawauza kuti aphunzireko ntchito ina yokhazikika, ankangoti ife ndife apaulendo. Ankakhulupirira kuti ku America akagwiranso choko.

Akasiya ana, ankalowa mulaibulale n'kusindikiza zotsatira za masewero a dzulo lake. Linali pepala la manambala okhaokha: uyu wamenya kangati, waphonya kangati, uyo wazungulira bwalo kangati. Ine ndikaliona mutu unkandiwawa. Iwo ankaliwerenga m'basi akugwedeza mutu, nthawi zina n'kutsonya.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkasonkhana kwa banja lina ku Kings Heath. Azibambo akayamba kukangana za mpira wa miyendo, alamu ankatulutsa pepala lawo, anthu n'kuyamba kuyang'anana. Panali masewero amodzi amene ankawakonda kwambiri. Timu yawo inali ikugonja mpaka chigawo chomaliza, kenako wosewera amene anaphonya tsiku lonse anamenya mpira kuutulutsa kunja kwa bwalo. Nkhaniyi tinaimva mpaka kuiloweza, ndipo ulendo uliwonse mpirawo unkapita patali kuposa kale.

"Koma alamu," ndinawafunsa tsiku lina, "mpirawo munauona ukuuluka?"

"Iwe malinga a Yeriko unawaona akugwa?" anandiyankha. "Si unangowerenga? Ma stats sanama, mlamu."

Chilimwe china anatikokera tonse a gulu la Lamlungu lija kupaki kuti atiphunzitse. Anabwereka chomenyera kiriketi kwa aneba, mpira wa tenisi kwa ana, majekete athu n'kuwayala pansi ngati malo oimapo. Anafotokoza malamulo mpaka thukuta. Azimayi anamvetsera mwaulemu, kenako mayi wina wa ku Kasungu anati, "Abambo, kodi awa si maraundasi amene tinkasewera ku pulayimale?" Kuseka kwake kunali kogwetsa munthu pansi. Achemwali anamanga chitenje, anamenya mpira mpaka kumpanda, ana akukuwa m'Chingerezi kuti amayi athamange. Alamu anaphonya katatu, ndipo anadzitulutsa okha monyadira, poti lamulo limatero. Tsiku limenelo ndimalisowa kwambiri. Tinali tisanabalalike, ndipo aliyense ankaona ngati zabwino zili kutsogolo.

Mayeso aja achemwali anakhoza. Koma zitupa zolowera ku America zinangoti zii. Tinadikira, dzinja linapita, lina linabwera. Alamu anapitirizabe kupita kulaibulale.

Tsiku lina tikudya, achemwali anaika foloko pansi.

"Bambo a ana, ine ndatopa ndi kudikira," anatero. "Ana azolowera kuno. Ku ward akufuna kundikweza, ndipo mortgage yogulira nyumba tingaipeze. Tiyeni tikhale."

Ndinayembekezera mkangano, poti alamu pakamwa sankagonja. Koma anangoyang'ana ana awo, n'kupitiriza kutafuna. Ndinawamvera chisoni chimene sindinadziwe pochiika, chifukwa achemwali ankanena zoona, ndipo alamu ankadziwa.

Patapita masiku, anandipeza m'khitchini ndikuphika tiyi.

"Mlamu, kosi ija anzanga amandiuza ya ku Wolverhampton, yoyendetsa forklift yonyamulira makatoni, munthu amayamba bwanji? Undiperekeze."

Tinakwera tramu, kasitima koyenda mumsewu, m'mawa wa Lolemba. Anthu ena opita kumeneko anali m'majekete achikasu ndi nsapato zazitsulo. Alamu anali atavala tayi yawo yophunzitsira, shati yoyera yosita bwino, cholembera chofiira m'thumba. Ndinafuna kuwaseka monga mwa masiku onse, koma ndinangokhala pambali pawo mpaka ku Wolverhampton.